Malenzi oyera amene si oyera: mbiri ya mtundu wa zida za akatswiri ojambula zithunzi

Pa masewero akuluakulu a mpira wamiyendo kapena a Olympics, ojambula zithunzi amene amandandalika kumbuyo kwa golo ndi m'mphepete mwa bwalo amadziwika ndi malenzi aatali amene anthu ambiri, ngakhalenso eni ake, amawatchula kuti ndi oyera. Lenzi ndi gulu la magalasi osemedwa mwaluso amene amasonkhanitsa kuwala n'kukulunjikitsa mkati mwa kamera, ndipo magalasiwo amamangidwa m'chubu chachitsulo chimene chingatchedwe thunthu la lenzi. Thunthu limeneli ndilo limapakidwa penti, koma munthu akaliika pafupi ndi pepala loyera amaona kuti pentiyo ndi wotuwa, ndipo pa malenzi akale amakhala wopendekera ku chikasu, kotero kuti kusiyana kwake ndi pepalalo kumafanana ndi kwa mgaiwa ndi ufa woyera. Mtundu umenewu sunakhale umodzimodzi m'zaka zonse, ndipo unabwera mochedwa kwambiri m'mbiri ya kujambula zithunzi.

Malenzi oyambirira sankapakidwa penti kunja kwake. Lenzi yojambulira nkhope za anthu imene katswiri wa masamu Joseph Petzval anaikonza ku Vienna mu 1840, n'kupangidwa ndi kampani ya Voigtländer, inali ndi thunthu la mkuwa wosakaniza ndi zinki, chitsulo chachikasu chimene amisiri ankachikonda chifukwa sichivuta kusema ndipo sichichita dzimbiri ngati chitsulo wamba. Kunja ankakupukuta mpaka kunyezimira n'kupakako vanishi, pamene mkati ankadetsamo bii, chifukwa kuwala kukamanyezimira m'makoma a chubu kumasokonekera n'kufika pachithunzi ngati chifunga. Lamulo la mkati limeneli silinasinthe mpaka lero, moti lenzi iliyonse, kaya kunja kwake n'kotani, mkati mwake ndi mwakuda.

Makamera atayamba kuchepa msinkhu, maonekedwe a kunja anayamba kukhala nkhani. Kamera ya Leica, imene Oskar Barnack anaikonza ndipo kampani ya Ernst Leitz ya ku Wetzlar m'dziko la Germany inayamba kuigulitsa mu 1925, inali yakuda, koma lenzi yake inali yokutidwa ndi chitsulo chonyezimira cha nickel, ndipo m'zaka za m'ma 1930 kampaniyo inayamba kukuta makamera ndi malenzi ake ndi chrome, chitsulo chowala ngati siliva chimene sichifufutika msanga. Ogula wamba anachikonda, koma kwa munthu wojambula anthu mumsewu iwo asakudziwa, kunyezimira kunali mdani, ndipo n'chifukwa chake Henri Cartier-Bresson, wojambula wotchuka wa ku France, ankaphimba mbali zowala za Leica yake kuti zide. Aluminiyamu atalowa m'malo mwa mkuwa, kudetsa thunthu kunakhala kosavuta, popeza chitsulochi chimatha kuviikidwa m'mankhwala momwe mukudutsa magetsi mpaka kunja kwake kupange khungu lolimba lomwe limamwa utoto wakuda. Malenzi a kamera ya Nikon F, imene inatuluka mu 1959 n'kukhala chida cha atolankhani ambiri pa nkhondo ya ku Vietnam, anali osakaniza kuda ndi siliva, koma pofika m'zaka za m'ma 1970 kuda kunali kutapambana, ndipo chida chakuda chinkaonedwa kuti ndicho cha katswiri.

Zimene zinachitika ndi makamera a Hasselblad m'mlengalenga zikuonetsa bwino kuti kunyezimira ndi kutentha zimakokera mtundu kumbali ziwiri zosiyana. Kamera imene Walter Schirra anapita nayo m'mlengalenga mu 1962 inadetsedwa kuti isamanyezimire pazenera la chombo, pamene imene anthu a Apollo 11 anajambulira pamwezi mu 1969 inapatsidwa mtundu wa siliva kuti ibweze dzuwa, popeza inkagwira ntchito panja pomwe kusiyana kwa padzuwa ndi pamthunzi n'kwakukulu zedi.

Pansi pano, vuto la kutentha linakula limodzi ndi kutalika kwa malenzi. Kutalika kwa lenzi kumawerengedwa m'mamilimita, ndipo nambala ikamakula, lenziyo imakoka kwambiri zinthu zakutali, moti ya mamilimita 600 imadzaza chithunzi ndi wosewera amene ali pakati pa bwalo. Koma galasi wamba silipinda mitundu yonse ya kuwala mofanana, ndipo pa lenzi yaitali kulephera kumeneku kumaoneka ngati timizere tobiriwira kapena tofiirira m'mphepete mwa zinthu. Njira imodzi yochepetsera vutoli ndiyo kugwiritsa ntchito fluorite, mwala wa calcium fluoride umene umamwaza mitundu ya kuwala pang'ono chabe, koma umene m'chilengedwe supezeka m'zidutswa zazikulu ndi zoyera zokwanira lenzi ya kamera. Kampani ya Canon ya ku Japan inakwanitsa kupanga mwalawu m'fakitale mu 1968, ndipo mu 1969 inatulutsa lenzi ya FL-F 300mm f/5.6 yokhala ndi fluorite. Nambala yotsatira chilembo f imasonyeza kukula kwa bowo lolowera kuwala, ndipo ikakhala yaing'ono ndiye kuti bowolo ndi lalikulu, magalasi ndi aakulu, mtengo nawonso ndi waukulu.

Fluorite akatenthedwa amafutukuka kuposa kawiri mmene galasi wamba la malenzi limachitira, ndipo thunthu nalonso silikhala chete. Aluminiyamu wotalika mita imodzi amatalikirako pafupifupi mamilimita 0.023 pa digiri iliyonse ya kutentha, kotero kuti thunthu la theka la mita likatentha ndi madigiri 20 limatalikirako pafupifupi kota ya milimita, kamtunda kosaoneka ndi maso koma kokwanira kusuntha malo amene chithunzi chimaonekera bwino. N'chifukwa chake mkombero wolunjikitsira chithunzi pa malenzi ambiri aatali umapangidwa kuti uzitha kupitirira pang'ono chizindikiro cha mtunda wopanda malire, kuti wojambula athe kupeza chinthu chakutali kaya kukuzizira kapena kukutentha. Penti wowala amachepetsa vutoli pobweza gawo lalikulu la dzuwa, ndipo amathandizanso kuti mbali imene ikuombedwa ndi dzuwa isasiyane kwambiri ndi ya kumthunzi.

Mu 1976, chaka chimene masewero a Olympics anachitikira ku Montreal, Canon inatulutsa malenzi awiri aakulu, FD 600mm f/4.5 ndi FD 800mm f/5.6, okhala ndi thunthu lowala, ndipo pamenepo ndi pamene mbiri ya malenzi oyera a kampaniyo pa makamera ojambula zithunzi imayambira. Kawirikawiri anthu amanena kuti kuyeraku kunabwera chifukwa cha fluorite, koma mbiri siigwirizana kwenikweni ndi maganizowo, popeza malenzi oyamba a fluorite a mu 1969 anali akuda. Chimene chinaitana penti wowala chinali kukula kwa thunthu limene limakhala padzuwa tsiku lathunthu lili pamiyendo yake itatu. Canon sinalinso yokha m'maganizo amenewa, chifukwa chilenzi cha Nikon cha mamilimita 2000, chogwiritsa ntchito magalasi obweza kuwala ngati a telesikopu, chimene chinkagulitsidwa m'zaka za m'ma 1970, nachonso chinali chowala.

Kuti pentiyo akhale wotuwa m'malo moyera mbee, zifukwa zake n'zosavuta kuziona. Chida chimene chimagwiridwa ndi manja a thukuta, kugonekedwa paudzu ndi kukhulidwa m'chikwama chikanakhala choyera mbee, chikanaonetsa litsiro lililonse, ndiponso chikanathobwa m'maso munthu amene nkhope yake ili pafupi nacho kwa maola ambiri padzuwa. Chodabwitsa n'chakuti anthu oonera patali saona kutuwako, ndipo apa nkhani ili m'maso osati pachitsulo. Michel Eugène Chevreul, katswiri wa ku France amene ankayang'anira ntchito yonyika ulusi pa fakitale ya nsalu zokongoletsera ya Gobelins ku Paris, anafotokoza mu 1839 kuti diso limaweruza mtundu poyerekeza ndi umene wayandikana nawo, moti chinthu chotuwa chimaoneka choyera chikakhala pakati pa zinthu zakuda. Lenzi yaitali imalumikizidwa ku kamera yakuda, imazunguliridwa ndi mikombero ya labala wakuda, ndipo kumbuyo kwake kumakhala udzu wobiriwira kapena khamu la anthu, choncho ubongo umaitenga kuti ndiyo chinthu choyera pamalopo. Akatswiri amene amafuna kuti mitundu ya pachithunzi ituluke molondola sadalira thunthulo poyeza kuyera kwa kuwala, koma amanyamula kadi yapadera yotuwa imene ilibe kupendekera ku mtundu uliwonse.

Kuyera kunasanduka chizindikiro cha malonda kuyambira mu 1987, pamene Canon inasiya njira yake yakale yolumikizira lenzi ku kamera n'kuyambitsa makamera a EOS, amene pafupifupi lenzi iliyonse imakhala ndi kainjini kakekake kolunjikitsira chithunzi. Chaka chomwecho inatulutsa EF 300mm f/2.8L, ndipo liwiro la malenzi oterewa linakoka ojambula masewero ambiri amene kale ankagwiritsa ntchito Nikon. Mizere ya malenzi otuwa okhala ndi kamzere kofiira kumapeto inayamba kuoneka pa wailesi ya kanema padziko lonse, ndipo kampaniyo inapeza kulengeza malonda kumene sinkalipira. Umboni wakuti kutentha sikunalinso chifukwa chokha uli pa malenzi awiri otsatizana a ntchito imodzi: EF 80-200mm f/2.8L ya mu 1989 inali yakuda, pamene EF 70-200mm f/2.8L ya mu 1995, imene inalowa m'malo mwake ndipo inalibe fluorite, inatuluka yotuwa. N'kovuta kukhulupirira kuti dzuwa linakula mphamvu m'zaka 6 zimenezo, ndipo lenzi yotere imagwira ntchito yake yambiri m'maukwati, m'misonkhano ya atolankhani ndi m'mabwalo ofoleredwa.

Nikon inakhalabe ndi malenzi akuda, ikudalira galasi lake lapadera lotchedwa ED, limene nalonso limamwaza mitundu ya kuwala pang'ono koma ndi lolimba kuposa fluorite. Kwa kanthawi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inkagulitsanso ena mwa malenzi ake aatali mu mtundu wotuwa kwa amene aufuna, koma inasiya, ndipo pamene inatulutsa lenzi ya mamilimita 800 yokhala ndi fluorite mu 2013, inaipaka penti wakuda. Malenzi akuda amenewa ajambula masewero m'mayiko otentha kwambiri popanda kutaya mbiri yawo, zimene zikusonyeza kuti penti wowala ndi njira imodzi chabe mwa zingapo zothana ndi kutentha. Kampani ya Minolta nayo inkapanga malenzi aatali owala kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mwambowo unapitirira pamene ntchito yake yopanga makamera inapita m'manja mwa Sony mu 2006. Bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press litalengeza mu 2020 kuti ojambula ake onse azigwiritsa ntchito zida za Sony, lenzi yowala m'mphepete mwa bwalo inaleka kukhala umboni wakuti mwini wake ali ndi Canon. Olympus yapangapo malenzi aatali oyera, ndipo Fujifilm inasankha siliva wosanyezimira pa lenzi yake ya mamilimita 200 ya mu 2018.

Pali gulu limodzi la akatswiri limene mtundu wowala silinaukondepo, ndilo la ojambula nyama zakutchire ndi mbalame, amene amagula lenzi yodula n'kuiveka chikuto cha labala wofewa chokhala ndi mawanga a masamba ndi udzu, ngakhale kuti chikutocho chimathandizanso kuteteza penti kuti lenziyo idzagulitsidwe bwino m'tsogolo.

Kusintha kwina kofunika kwambiri kunachitikira pamene diso silifika. Pafupifupi theka la mphamvu ya dzuwa imene imafika padziko ili m'kuwala kosaoneka kotchedwa infrared, choncho penti awiri ooneka ofanana angathe kutentha mosiyana kwambiri malinga ndi mmene aliyense amabwezera kuwala kumeneko. Pa malenzi a EF 400mm f/2.8L ndi EF 600mm f/4L a m'badwo wachitatu, amene anatuluka mu 2018, Canon inagwiritsa ntchito penti wokonzedwa mwapadera kuti azibweza infrared, kotero kuti mtundu wooneka ndi maso sunenanso zonse za mmene thunthu limachitira padzuwa.

Mtundu woonekawo nawonso wakhala ukuyererayerera. Malenzi owala a Canon a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ndi otuwa mopendekera ku chikasu, pamene aakulu amene analengezedwa mu 2010 anabwera owala kwambiri ndiponso opanda chikasucho, ndipo Sony ili ndi kuyera kwakekwake kosiyana ndi kwa onsewa. Ovutika nazo ndi okonza makamera ndi ogulitsa zida zakale, chifukwa kabotolo ka penti wothimbirira pamene pakhulika kamayenera kugwirizana ndi m'badwo wa lenziyo, apo ayi chigambacho chimaonekera patali kuposa chilonda chimene chikubisidwa. Kusiyanaku kumaonekeranso pa kachipangizo kowonjezera kutalika kwa lenzi, kamene kamalowa pakati pa kamera ndi lenzi: ka Canon ka m'badwo wachiwiri kakalumikizidwa ku lenzi yopangidwa pambuyo pa 2010, zitsulo ziwiri za kampani imodzi, zimene zonse zimagulitsidwa ngati zoyera, zimakumana pamzere umodzi china chili chodera kuposa chinzake.