Chimene tinalakwa pachitsime

Senderani kuno, adzukulu anga, ndikuuzeni za kale, Chipata akadali kutchedwa Fort Jameson, azibambo akulima fodya m'minda ya azungu.

Kwathu kuno kwa Gawa Undi mwamuna ankabwera kudzakhala chikamwini. Akazolowera kumenya mkazi, atsibweni ankatha kumutulutsira mphasa ndi khasu lake pabwalo, n'kumuloza njira ya kwawo. Koma akulu anga anakwatiwa kutali, cha ku Mtenguleni kwa Mpezeni, ng'ombe za malowolo zitalowa m'khola mwathu. Nkhanza zilibe mtundu, ana inu, kungoti kumeneko analibe mlongo wowaikira kumbuyo.

Usiku wina anafika wapansi, mwana kumsana, diso litatupa, dzino limodzi palibe. Kutacha ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. Mafunso onse analunjika kwa akulu angawo: "Munawayankha chiyani amunanu? Madzi osamba munatereka? Nsima inapsa?" Womenyayo palibe anamuitana. Anamkungwi anangoti banja ndi kupirira, za kuchipinda saulula.

Kuchitsime akulu angawo akafika tinkangoti zii, akasenza mtsuko ife phwete kuseka, ena amvekere sanalangidwe, banja lawakanika. Inenso ndinaseka nawo, mpaka lero zimandiwawa. Manyazi ndi mantha obweza ng'ombe zinawabwezera kwa mwamunayo. Chaka chotsatira anabwereranso khutu limodzi litagontha, ndipo kuyambira pamenepo madzi ankatunga mbandakucha, kuthawa pakamwa pathu. Bala la ndodo linapola, koma la mawu athu analowa nalo m'manda.

Masiku ano zinthu zasinthako. Mu 2011 boma la Zambia linakhazikitsa lamulo lothana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit komwe wozunzidwa amakadandaula. Komabe ndimamva ndi makutu angawa pamsika wa Kapata anthu akuti, "Wamangitsa bambo wa ana ake, adya chiyani?" Chitsime chija changosamukira kumsika.

Makolo anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsono mbale wanu akadzagogoda usiku, musadzamufunse chimene analakwa. Muyalireni mphasa, muterekereni madzi, mumufunse kuti, "Pakupweteka ndi pati?" Kukacha mumuperekeze kuchipatala ndi kupolisi dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona kuti ali ndi abale.