Manja Amene Anakana Kumangidwa

Pa 10 Disembala 2013, khamu la anthu linasonkhana pa bwalo la FNB ku Johannesburg kudzalira maliro a Nelson Mandela. Pambali pa atsogoleri amene ankalankhula panaimirira bambo wina amene anapatsidwa ntchito yotanthauzira mawu kwa anthu osamva. Kwa akumva, zonse zinkaoneka ngati zili m'chimake. Koma osamva amene ankaonerera pa kanema anangoti kakasi, pakuti manja a bamboyo ankangoyendayenda popanda kunena kanthu. Mayi Wilma Newhoudt-Druchen, munthu wosamva amene panthawiyo anali phungu wa Nyumba ya Malamulo, anadandaula mwambo uli mkati, ndipo pambuyo pake boma linapepesa.

Manyazi amenewa mizu yake ndi yakale. M'chaka cha 1863, masisitere a Dominican ochokera ku Ireland anatsegula sukulu ya ana osamva ku Cape Town, ndipo ankaphunzitsa ndi manja. Koma mu 1880, aphunzitsi a osamva anakumana ku Milan, m'dziko la Italy, nagwirizana kuti mwana wosamva aziphunzitsidwa kulankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo ya anzake. Pafupifupi onse amene anagamula nkhaniyi anali anthu akumva. Eni ake a chinenerocho sanafunsidwe. Maganizo a ku Milan anafalikira m'maiko ambiri, ndipo pang'onopang'ono anafikanso ku South Africa. M'sukulu zambiri mwana wopezeka akulankhula ndi manja ankalangidwa.

Ulamuliro wa tsankho utakhazikika mu 1948, panachitika chinthu chodabwitsa. Ana osamva anagawidwa potsata khungu, ndipo akuda anagawidwanso potsata mitundu ya makolo awo, ngakhale kuti anawo sanamvepo Chizulu kapena Chisutu chibadwire. Sukulu za azungu, zimene zinali ndi ndalama ndi zipangizo, zinalimbikira kwambiri lamulo la pakamwa. Sukulu za akuda boma silinkazilabadira kwenikweni, ndipo m'kunyalanyazidwa komweko manja anapeza mpata. M'zipinda zogona ndi m'mabwalo a masewera, ana aakulu ankaphunzitsa aang'ono. Chinenero chimene boma linachikana chinasungidwa ndi ana.

Ufulu utabwera, malamulo aakulu a dziko a 1996 analamula kuti chinenero cha manja chitukulidwe, ndipo lamulo la sukulu la chaka chomwecho linachivomereza pophunzitsira m'sukulu za boma. Komabe sichinawerengedwe pa zinenero 11 za boma. Malamulo analembedwa, koma otanthauzira ophunzira bwino anali ochepa, ndipo ndicho chifukwa chake munthu wosadziwa ntchito anatha kuimirira pamaso pa dziko lonse lapansi tsiku la maliro lija.

Osamva, motsogozedwa ndi bungwe lawo la DeafSA, sanaleke kugogoda. Mu 2018 ophunzira oyamba analemba mayeso omaliza a sekondale m'phunziro la chinenero chawo. Pa 19 Julaye 2023, ku Pretoria, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo loika chinenero cha manja kukhala cha nambala 12 pa zinenero za boma. Apa n'kuti Uganda atachitchula kale m'malamulo ake mu 1995, Kenya mu 2010 ndi Zimbabwe mu 2013. Osamva a ku South Africa anadikira zaka 27.