Banja la Spalding: Chikhulupiriro pa Ulendo wa Mibadwo

Olemba mbiri ya Eklezia amakonda kuyambira pa tsiku limene wansembe adafika pamalo. Koma ku Kentucky, m'dziko la United States, ansembe adapeza akhristu atamanga kale midzi yao. Mbiri ya banja la Spalding ikutiwonetsa m'mene zidayendera, ndiponso katundu amene banja limasenza posamuka, wabwino ndi woipa yemwe.

Kholo la banjali, Thomas Spalding, adachoka ku England nafika ku Maryland cha m'ma 1657. Dera limeneli lidayambitsidwa mu 1634 ndi banja lachikatolika la Calvert, ndipo lamulo la mu 1649 lidalola akhristu a mipingo yosiyana kupembedza mwaufulu. Ufuluwo sudakhalitse. Mu 1689 ulamuliro udachoka m'manja mwa Akatolika; mu 1704 Misa idaletsedwa poyera; mu 1718 Akatolika adalandidwa mwai wosankha atsogoleri. Kotero mibadwo ingapo ya a Spalding idalima fodya m'boma la St. Mary's, nimamvera Misa m'nyumba za anthu.

Fodya adagugitsa nthaka, ana adachuluka, minda idachepa. Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Mu 1785 mabanja 60 achikatolika adapangana zosamukira ku Kentucky, kuseri kwa mapiri a Appalachia, ndi kukamanga moyandikana kuti apatsidwe wansembe msanga. Oyamba adakakhala ku Pottinger's Creek. Cha m'ma 1790 Benedict Spalding adatsogolera gulu lina kumtsinje wa Rolling Fork. Ansembe anali osoŵa zedi. Bambo Stephen Badin, wansembe woyamba kudzozedwa m'dzikomo, mu 1793, adatumikira zaka zingapo ali yekha, akuyendera akhristu pa kavalo. Episkopi woyamba wa Bardstown, Benedict Flaget, adafika mu 1811. Nthaŵi yonseyo ophunzitsa ana katekisimu ndi otsogolera mapemphero anali makolo ndi agogo.

Chipatso chake chidaoneka. Mdzukulu wa Benedict, Martin John Spalding, adabadwa mu 1810. Amai ake adamwalira iye ali wamng'ono, naleredwa ndi mlongo wake ndi agogo ake aakazi. Adaphunzira ku Roma, nadzozedwa unsembe mu 1834; adakhala Episkopi wa Louisville mu 1850, ndipo mu 1864 adakhala Arkiepiskopi wa Baltimore, ku Maryland komwe agogo ake adachoka kuja. Mwana wa mbale wake, John Lancaster Spalding, adapitiriza ulendo wa banjali: mu 1877 adakhala Episkopi woyamba wa Peoria ku Illinois, nathandiza mabanja osauka a ku Ireland kupeza minda ku Minnesota ndi ku Nebraska.

Koma tisabise mbali ina ya nkhaniyi. Dziko limene atsamundaŵa adagaŵana linali malo osakirako nyama a mitundu ya Shawnee ndi Cherokee. Ndiponso mabanja ambiri achikatolika, pamodzi ndi a Spalding, anali ndi akapolo achikuda. Anthu omwe adamva kuŵaŵa kwa kulandidwa ufulu wopembedza sadaone chachilendo kulanda anzao ufulu wonse. Mu 1863 Martin John adalembera ku Roma modzudzula chilengezo cha Abraham Lincoln chomasula akapolo. Nkhondo yapachiŵeniŵeni itatha, iye yemweyo, potsogolera msonkhano wachiŵiri wa maepiskopi onse ku Baltimore mu 1866, adapempha kuti Eklezia asamalire anthu pafupifupi 4 miliyoni amene adamasulidwa. Maepiskopi adasiya nkhaniyo m'manja mwa dayosizi iliyonse, ndipo zochitika zidali zochepa.

Tsono mbiriyi ikunena zinthu ziŵiri kwa ife ansembe ndi okonzekera unsembe. Choyamba, banja likhoza kusunga chikhulupiriro zaka zambiri popanda wansembe; wofika pambuyo afike modzichepetsa, pakuti akukolola zimene agogo adabzala. Chachiŵiri, banja limapatsira ana zonse zimene lili nazo, ngakhale zimene silidaziyesepo ndi Mthenga Wabwino. Kolona ndi ukapolo zidaoloka mapiri a Appalachia pa ulendo umodzi. Wansembe amene amangoyamikira zoyambazo, osafunsa za zachiŵirizo, wagwira theka la ntchito yake.