Alick Nkhata, mawu amene anafikitsa wailesi kumudzi

Ku Zemba m'boma la Chadiza, mlimi akatsegula wailesi madzulo n'kumva nkhani m'Chinyanja, sadabwa. Koma kunali nthawi imene wailesi inali chinthu cha Azungu ndi mabwana a kuboma. Mmodzi mwa anthu amene anaisandutsa yathu ndi Alick Nkhata, muulutsi komanso woyimba amene dzina lake lero lili pa msewu wa ku Lusaka kumene kuli likulu la ZNBC, wailesi ya dziko la Zambia.

Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922. Bambo ake anali Mtonga ndipo mayi ake anali Mbemba, choncho anakula akumva zinenero zingapo m'nyumba imodzi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapita ku Burma, kumene asilikali a ku Africa ankamenyana ndi a ku Japan. Atabwerako anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, katswiri amene ankayendayenda m'midzi kujambula nyimbo zamakolo. Kumeneko ndiko anaphunzira kumvetsera ng'oma, kalimba ndi mayimbidwe a anthu wamba ndi khutu la munthu wodziwa kufunika kwake.

Pa nthawiyo wailesi inali ikadali yakhanda. Kuulutsa mawu ku Lusaka kunayamba mu 1941, makamaka pofuna kuuza anthu za nkhondo. Nkhondo itatha, siteshoniyo inakula n'kukhala Central African Broadcasting Station, ndipo inkamveka ku Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia, m'zinenero monga Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Vuto linali lakuti anthu akumudzi analibe pomvera. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anakambirana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotchipa ya batire. Mu 1949 inatuluka Saucepan Special, ya mtengo wa mapaundi 5. Inali yozungulira, yopangidwa ndi chitsulo cha poto wophikira, yopakidwa utoto wabuluu, ndipo timabowo take anatitchinga ndi kansalu ka waya kuti mphemvu ndi chiswe zisalowe. Wailesi imodzi inkasonkhanitsa mabanja ambiri pabwalo.

Nkhata analowa ntchito pa siteshoniyi cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ankawerenga nkhani, kumasulira, kujambula oyimba, ndipo iye mwini ankayimba ndi gitala. Gulu lake la oyimba linadzatchedwa Lusaka Radio Band, kenako Big Gold Six. Nyimbo zake zinkakamba za moyo watsopano wa m'tauni: ndalama, mowa, chikondi, ndi mnyamata woiwala makolo akafika ku migodi. Pologalamu imene inkakondedwa koposa masiku amenewo inali Zimene Mwatifunsa. Anthu ankalemba makalata opempha nyimbo ndi kupereka moni. Kwa mabanja a kum'mawa kwa dzikoli, amene amuna awo ambiri anali kumigodi ya Copperbelt, ku Salisbury kapena ku Joni, kumva dzina la mbale likutchulidwa pa mphepo kunali kudziwa kuti ali moyo ndipo sanaiwale kwawo.

Ntchitoyi inali ndi minga yake. Boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland litakhazikitsidwa mu 1953, anthu ambiri anayamba kukayikira aulutsi achikuda, poti ankawerenga mawu a boma limene anthu ankalikana. Peter Fraenkel, amene ankagwira nawo ntchito, analemba za mavuto amenewa m'buku lake lotchedwa Wayaleshi la mu 1959. Nkhata anasankha mbali ya anthu ake. Anayimba nyimbo zolimbikitsa chipani cha UNIP pomenyera ufulu, ndipo Zambia italandira ufulu mu 1964 anapatsidwa maudindo akuluakulu pa wailesi ya dziko komanso pa zachikhalidwe.

Atapuma ntchito anakakhala pa famu yake ku Mkushi. Mu Okutobala 1978 asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi famuyo, ndipo Nkhata anaphedwa pa chipwirikiti chimenecho. Anali ndi zaka 56.

Njira imene anthu a m'badwo wake analambula inadutsamo ena. Julius Chongo anadzasangalatsa omvera Chinyanja ndi nthano zake za Poceza m'Madzulo, ndipo lero Chipata ili ndi mawailesi akeake monga Breeze FM ndi Radio Maria, amene amalankhula ndi mlimi za feteleza, mitengo ya chimanga ndi maliro a m'mudzi. Achinyamata amene akugwira maikolofoni m'masiteshoni amenewa ayenera kuidziwa mbiri imeneyi. Matepi akale amene ali ku ZNBC ayenera kusamalidwa ndi kuulutsidwanso, kuti ana a ku Chadiza amve mmene agogo awo ankayimbira ndi kulankhulira.