Kagalimoto kamodzi, mayina atatu

Sabata ino ndabwera ndi mbiri ya kagalimoto kamene kanatsala pang'ono kundidyera mpamba chifukwa chosakadziwa dzina lake lenileni.

Ine ndimagulitsa nandolo ndi mpunga pamsika wa Migowi kuno ku Phalombe. Nditasunga ndalama zaka zinayi, ndinagula kagalimoto kogwirapo kale ntchito ku Japan, kolembedwa kuti Toyota Pixis Epoch. Mumtima ndinkati poti ndi Toyota, masipeyala sadzavuta. Pampu ya madzi itafa, ndinainyamula pa minibasi mpaka ku Limbe. Sitolo iliyonse yankho linali limodzi: "Pixis? Tilibe mayi, mwina tikuitanitsireni kunja." Mtengo wake ndinachita kugwira pakamwa. Kenaka amakanika ena achikulire anaitembenuza pampuyo m'manja n'kuseka. "Mayi, aka ndi ka Mira. Kafunseni ya Mira." Ndinaipeza tsiku lomwelo.

Ndiye zimatheka bwanji kuti Toyota ikhale Mira? Nkhaniyi inayamba mu 1949. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu ambiri ku Japan sakanakwanitsa kugula galimoto yaikulu, choncho boma linakhazikitsa gulu la timagalimoto totchedwa kei, tamsonkho wotsika. Kwa zaka zambiri injini yake sinkaloledwa kuposa 360cc. Mu 1976 anakweza malirewo kufika 550cc, mu 1990 kufika 660cc. Kuyambira 1998 lamulo limati kasatalike kuposa mamita 3.4, ndipo m'lifupi kasapose mamita 1.48.

Kampani ya Daihatsu, ya kuchigawo cha Osaka, inatulutsa Mira yoyamba mu 1980. Mu 2011 inabweretsa Mira e:S, yopangidwa kuti izimwa mafuta ochepa. Toyota simapanga yokha timagalimoto ta kei, koma kuyambira 1998 inali ndi gawo lalikulu mu Daihatsu, ndipo mu 2016 inaigula yonse. Choncho mu 2012 Daihatsu inayamba kupangira Toyota ka Mira e:S komweko, n'kumatapo chizindikiro cha Toyota ndi dzina loti Pixis Epoch. Chaka chomwecho Subaru, imene inali itasiya kupanga timagalimoto take ta kei, inayamba kukagulitsa ndi dzina loti Pleo Plus. Wopanga ndi mmodzi, injini ndi imodzi, chosiyana ndi chizindikiro basi.

Ife amumsika izi sizitidabwitsa. Nandolo wathu wa ku Phalombe akafika ku India amakhala ali m'thumba la dzina la wina, koma wolima ndi yemwe uja wa kuseri kwa phiri la Michesi.

Tsono kagalimotoka kali chonchi: injini ya masilinda atatu, 658cc, kutalika mamilimita 3,395, m'lifupi mamilimita 1,475, magiya osintha okha amene amakanika amati CVT, mipando inayi. Potulutsa Mira e:S, Daihatsu inati pa mayeso a ku Japan imayenda makilomita 30 pa lita imodzi. Pamsewu wathu wamabampu musayembekezere zimenezo, komabe masiku ovuta mafuta ano kamakupulumutsani. Kuno kamafika mosavuta chifukwa ku Japan galimoto imakayezedwa ikakwana zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, pamtengo wokwera, ndiye ambiri amangoigulitsa. Komanso iwo amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife.

Koma abale, mbiri yomweyi ikutichenjezanso. Aka anakapangira anthu anayi oyenda m'tauni pa tala. Anthu akalowa asanu ndi awiri, kumbuyo matumba a nandolo, n'kulunjika ku Nkhulambe nthawi ya dzinja, pansi pake pamakhula m'matope, injini imalira, magiya amatha msanga. Vuto silikhala la galimoto, ndi ife. Ine pano ndimakwezamo matumba awiri, otsalawo ndimalipirira lole.

Choncho inu amene mukusonkha ndalama kubanki m'khonde kuti mugule kanu, musanapereke ndalama funsani kuti anakapanga ndani, ndipo abale ake ndi ati. Wa Pleo Plus ndi wa Pixis Epoch afunse za Mira e:S. Wa Mazda Carol wa zaka zino afunse za Suzuki Alto, poti nazonso n'zamapasa. Funso limodzi limenelo likanandisungira tsiku lathunthu la malonda.

Nanga kwanuko, ndi kagalimoto kati kamene kanakupusitsani ndi dzina?