Chibakera cha Superman ndi Kalata ya ku Mbombwe

Ndili mwana kwathu ku Chiradzulu, amalume anga anabwera kuchokera ku Joni ndi sutukesi momwe munali bulangete, wayilesi ndi timabuku ta zithunzi ta Superman ndi Batman. Chingerezi sitinkachimva kwenikweni, koma nkhonya sizilira womasulira. Tinkavundukula masamba mpaka kuthothoka, kudikira pamene munthu woipa agwe chagada. Tsono aphunzitsi atatiuza za John Chilembwe, amene mishoni yake ili m'boma lathu lomweli, ine ndinamuveka malaya a Superman m'maganizo mwanga. Ndinakhumudwa nditadzamva kuti anali mbusa wodwala mphumu, wamaso ofooka, ndi kuti nkhondo yake inatha m'masiku 11 okha. Lero, anzanga a m'bwalo lino la alembi, ndifuna ndikuuzeni chimene chinandisiyitsa kufuna Chilembwe wankhonya.

Tiyambe ndi timabuku tija. Superman anatuluka koyamba mu 1938. Mu 1940 magazini ya Look inasindikiza nkhani ya masamba awiri momwe Superman anagwira Hitler ndi Stalin nakawatula ku Geneva kuti akazengedwe mlandu. Mu 1941 Captain America anaonekera pachikuto akumenya Hitler chibakera. Koma nkhondo yeniyeni inapitirira mpaka 1945, nipha anthu mamiliyoni ambirimbiri. Batman wakhala akumenya Joker kuyambira 1940, ndipo Joker sanathe. Atatha, kabuku ka mwezi wamawa kangagulidwe bwanji? Ku South Africa, mu 1975, kunatuluka ngwazi yakuda yotchedwa Mighty Man, imene inkathira zibakera atsotsi a m'malokeshoni koma osakhudza apolisi a boma la tsankho. Pambuyo pake zinaululika kuti ndalama zosindikizira zinkachokera ku boma lomwelo. M'timabuku timeneti nkhonya zimagwa mwezi ndi mwezi, koma gwero la mavuto limakhala pomwepo.

Tsopano tibwere kwathu. Chilembwe anayamba ntchito m'nyumba ya Joseph Booth mu 1892. Booth anali mmishonale wodana ndi nkhondo ya mtundu uliwonse, ndipo ndiye anapita naye ku America mu 1897, komwe anakaphunzira za ubusa ku Lynchburg m'dera la Virginia. Atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe. Kwa zaka zoposa khumi zida zake zinali choko, njerwa ndi makina osokera. Anatsegula sukulu, namanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Chapafupi panali minda ya A. L. Bruce Estates ku Magomero, komwe anthu, makamaka Alomwe obwera kuchokera ku Mozambique, ankalima thangata pansi pa William Jervis Livingstone, amene ankatentha nyumba zopemphereramo za anthu a Chilembwe.

Mu Seputembala 1914 asilikali akuda anafa ku Karonga pankhondo ya Angerezi ndi Ajeremani. Mu Novembala Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yakuti nkhondoyo ikamenyedwe ndi eni chuma ndi eni minda amene ali ndi chopindula, poti mmphawi wa kuno akafa amangosiya mkazi wamasiye ndi ana opanda chogwira. Anakumbutsanso boma kuti limaiwala munthu wakuda pamtendere, nkumukumbukira likafuna magazi ake. Boma linatsekereza kalatayo kuti isafalikire.

Patangopita miyezi iwiri, Loweruka usiku pa 23 Januwale 1915, munthu yemwe uja anatuma anthu ake ndi mikondo. Ku Magomero anapha Livingstone ndi Duncan MacCormick, ndipo ku Mwanje anapha Robert Ferguson. Akazi ndi ana sanawavulaze, poti Chilembwe anali atalamula chomwecho. Gulu limene linapita kukathyola nkhokwe ya mfuti ku Mandala mu Blantyre linabwerako ndi mfuti zowerengeka. Gulu la Filipo Chinyama ku Ntcheu silinapite patali. M'mawa wa Lamulungu Chilembwe analalikira mutu wa Livingstone uli pamtengo m'tchalitchi.

Kukanakhala kabuku ka zithunzi, nkhani ikanathera pamenepo: woipa wagwa, anthu akuomba m'manja. Koma kunja kunacha Lolemba. Asilikali a boma pamodzi ndi azungu a m'minda anafika pa Mbombwe, natentha midzi, naphulitsa tchalitchi chija. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anaomberedwa cha ku Mulanje, pafupi ndi malire a Mozambique. Anthu pafupifupi 40 anaphedwa ataweruzidwa, kuphatikizapo John Gray Kufa, munthu wodziwa zachipatala, ndi Duncan Njilima, wamalonda, ndipo ena pafupifupi 300 anatsekeredwa m'ndende. Boma linaika bungwe lofufuza limene linapereka lipoti mu 1916, koma thangata linapitirira kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Ena mwa inu munena kuti ndikunyoza ngwazi. Iyayi. George Simeon Mwase, amene analemba za nkhondoyi cha m'ma 1932, ananena kuti Chilembwe ankadziwa kuti adzagonja, ndipo cholinga chake chinali kuonetsa azungu kuti munthu wakuda wafika potopa. Ndivomeranso kuti anayamba wagogoda pakhomo ndi cholembera, eni nyumba namutsekera. Amene anatsekereza kalata ija ali ndi gawo lao pamagazi a Januwale. Chimene ndikukana ndi kuwerenga azungu atatu aja ngati zigoli, nkuiwala amayi a pa Mbombwe amene anagona kutchire nkhokwe zao zikufuka. Akuluakulu anati nkhondo simanga mudzi, ndipo mudzi umene unapasuka koposa unali wa Chilembwe yemweyo.

Chimene chinatsala nchiyani? Mishoni inatsekedwa zaka 11 mpaka Dr Daniel Sharpe Malekebu anadzaitsegulanso mu 1926, nayambiranso pa sukulu ndi njerwa. Kalata ija inapulumuka, ndipo George Shepperson ndi Thomas Price anaisindikiza m'buku lao la Independent African mu 1958. Mu 2022, pamene Samson Kambalu anaimika chosema cha Chilembwe pa Trafalgar Square mu London, anatengera chithunzi cha 1914: mbusa ali chiimire pambali pa mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. M'manja mwake mulibe mkondo.

Chaka ndi chaka pa 15 Januwale anthu amasonkhana pa Mbombwe kukumbukira Chilembwe, ndipo ife alembi timatulutsa ndakatulo zodzaza ndi mikondo ndi malawi. Ndakatulo zotero nanenso ndazilembapo. Pempho langa nlakuti wina mwa ife alembe za usiku wa Novembala 1914, mbusa wobanika ndi mphumu atakhala pansi ndi pepala, akuyembekezerabe kuti pali wina amene awerenge.