Zala ziwiri, botolo ndi gitala: nyimbo zomwe tinaziiwala

Anzanga a mu kalabu, ndikufunseni: munamvapo dzina loti Jean Bosco Mwenda? Ine ndinalimva koyamba miyezi iwiri yapitayo pa YouTube, ndipo ndinachita manyazi. Eti ndimadziwa oimba a ku America mpaka mayina a ana awo, koma uyu wa pafupi pompa ayi.

Bosco anabadwa mu 1930 ku Bunkeya, m'chigawo cha Katanga ku Congo. Nthawi imeneyo migodi ya kopa inkakoka anyamata ochokera kumadera osiyanasiyana. Masana ntchito, madzulo gitala yamatabwa, yopanda magetsi. Kaimbidwe kawo kanali kapadera. Sankakwapula nsambo zonse pamodzi ngati mmene timachitira ife ku kwaya. Ankadula imodziimodzi ndi zala ziwiri basi: chachikulu chikugunda nsambo za besi, chamkombaphala chikuyendetsa nyimbo. Mnzake pambali amagogoda botolo ndi kachitsulo. Mukamvetsera mutatsinzina, mungalumbire kuti magitala ndi awiri, pena ngati kalimba.

Mu 1952, Hugh Tracey, yemwe ankayendayenda ndi makina ojambulira mawu, anakumana ndi Bosco ku Jadotville, komwe lero ndi Likasi. Anamujambula nyimbo zingapo, kuphatikizapo "Masanga" ya m'Chiswahili. Tamverani izi: Bosco anali ndi zaka pafupifupi 22, msinkhu wathu womwewu! Nyimboyo inayenda pa mbale za galamafoni mpaka ku Nairobi, ndipo William Walton wa ku England anatengako kachigawo n'kuika mu nyimbo yake ya okestra mu 1956. Anzake a Bosco monga Losta Abelo ndi Edouard Masengo nawonso ankadula nsambo chomwecho.

Mwina mukuti, nanga ife zikutikhudza bwanji? Azigogo athu omwe anapita kukagwira ntchito ku Copperbelt, ku Rhodesia ndi ku Joni ena ankabwerako ndi magitala ndi magalamafoni. Kuno kwathu tinali ndi Daniel Kachamba wa ku Chileka, katswiri wa gitala ya zala, yemwe Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kumujambula mu 1967 limodzi ndi mng'ono wake Donald. Daniel anamwalira mu 1987.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti tikumva nyimbozi lero chifukwa alendo anazijambula. Zomwe Tracey anasonkhanitsa zikusungidwa ku International Library of African Music, ku Makhanda m'dziko la South Africa. Nanga madala aja omwe makina sanawapeze? Anapita nazo kumanda.

Ndiye ntchito nayi. Sabata ino mverani "Masanga" kawiri, ulendo wachiwiri khutu likhale pa besi. Kenako funsani kwanu ngati kuli agogo omwe ankaimba gitala kapena banjo. Apempheni mwaulemu, akalola muwajambule pa foni, mulembe dzina lawo, mudzi ndi tsiku. Mubwere nazo ku msonkhano wathu wotsatira, tidzamvere limodzi.